Amene Anakanena kwa Akulu a Mpingo

1

Lachinayi pa 31 Okutobala 2019, dokotala anatuluka m'chipinda chochezera, momwe tinaika bedi la mayi pafupi ndi windo, ndipo akuvala jasi anandiuza kuti kwatsala sabata imodzi, zikachuluka masiku khumi. Ndinamuthokoza, ndinamuperekeza pakhomo, ndinabwerera kukachotsa kapu yake ya khofi.

"Wati chiyani?" anafunsa mayi.

"Wati muzimwa madzi ambiri."

"Teuntje, bodza silikukhala iwe. Ukanama makutu amafiira ngati a kamwana ka nkhumba. Wati masiku angati?"

Ndinawauza. Anatseka maso, milomo ikugwedera pang'ono, ngati akuwerenga pa kalendala.

"Kamutenge Neeltje."

"Mayi, foni yanu sayankha. Makalata anu amabwerera osatsegula."

"N'chifukwa chake Mulungu anakupatsa miyendo."

Neeltje ndi mng'ono wanga, timasiyana zaka zisanu. Pofika tsiku limenelo anali atatha zaka khumi ndi miyezi khumi osawalankhula mayi. M'banja lonse ankalankhula ndi ine ndekha. Ankakonda kunena kuti, "Pa nyumba yonse ija, munthu ndi inu nokha achemwali."

Ntchito yanga ndi yosamalira amayi amene angobereka kumene. Ndimalowa m'nyumba tsiku loyamba n'kukhalamo masiku asanu ndi atatu: kusambitsa khanda, kuliyeza pa sikelo, kufululira alendo khofi. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kusaiwala deti kapena kulemera kwa mwana. Zimene ndikuuzeni pano mukhoza kuzikhulupirira mpaka pa galamu.

Ndikuwakonzera pilo, mayi anandigwira dzanja.

"Ukamuuze chilichonse chimene chingamubweretse," anatero. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Koma sindikukukakamiza, mwana wanga."

2

Kwathu ndi m'dera la Veluwe, m'mudzi wa makola a nkhuku ndi matchalitchi anayi. Lathu ndi lija la zovala zakuda. Lamlungu timapita kawiri, wapansi, akazi titavala zipewa, ndipo ulaliki timauyeza ndi maswiti ozizira mkamwa: switi yachitatu ikasungunuka, abusa ayandikira Ameni. Pa anthu mazana asanu ndi atatu, amene amanyamuka kupita ku gome la Mgonero sakwana makumi atatu, chifukwa kumeneko amapita yekhayo amene watsimikiza kuti Mulungu anamusankha. Enafe timakhala pansi n'kumaonerera. Mayi anali mmodzi wa onyamukawo.

Tili ndi mwambo wina. Mwana akabadwa miyezi isanu ndi inayi isanakwane chichitikireni ukwati, makolo ake amaimirira pamaso pa mpingo wonse. Abusa amawafunsa ngati akuvomera kuti anaswa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa chigololo, iwo n'kuyankha kuti "Inde." Popanda "Inde" ameneyo, mwana sabatizidwa.

Neeltje anakwatiwa ndi Krijn, kalipentala, Lachisanu pa 18 Epulo 2008. Mwana wawo Jacomijn anabadwa Lachisanu pa 21 Novembala chaka chomwecho. Masabata makumi atatu ndi imodzi ndendende.

Ndine amene ndinamuika pa sikelo atabwera kunyumba. M'chipindamo tinalimo anthu anayi: mayi, Neeltje, Krijn ndi ine.

"Makilogalamu atatu ndi magalamu mazana asanu ndi limodzi," ndinatero.

"Awiri ndi pang'ono," anatero mayi.

"Mayi, sikelo ikuti..."

"Sikelo yako yakalamba. Mwanayu wabadwa masiku asanakwane, ndi wofooka, ndipo alendo ayambe adikira mwezi umodzi. Wamva?"

Khandalo linali ndi masaya ngati mabanzi ndi zikhadabo zofunika kuwenga. Neeltje anaseka misozi ikutsika.

"Kanachita changu kamwanaka," anatero. "Katengera bambo ake."

"Iwe, pali amayi pano," anatero Krijn, nkhope ili psuu.

Ngakhale mayi anamwetulira. M'buku langa la ntchito ndinalemba zoona, kunja tinanena za mayi. Mudzi wonse umadziwa kuwerenga miyezi pa zala pansi pa tebulo, koma akulu a mpingo sachita kanthu popanda mboni. Choncho aliyense anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Kamwana kochepa, Ambuye akasunge."

Nthawi imeneyo ine ndi mwamuna wanga Aart tinali titatha zaka zisanu ndi chimodzi m'banja opanda mwana. Ana a eni amene ndinali nditasambitsa anali ataposa mazana awiri. Amayi a kutchalitchi ankandisisita paphewa potuluka n'kunena kuti, "Udzifufuze bwino, Teuntje. Ambuye satseka chitseko popanda chifukwa."

3

Lachinayi pa 11 Disembala, nthawi ili folo koloko madzulo, akulu a mpingo awiri anagogoda kwa Neeltje. Ine ndinalipo, ndinali nditabweretsa supu ya nsawawa. Mayi analiponso, akupinda matewera. Wolankhula anali a Van Ginkel, mlimi wa nkhuku, munthu wa mawu ofatsa amene sindinamumvepo akukalipa.

Anakana khofi. Kwathu mkulu wa mpingo akakana khofi, umadziwiratu.

"Tamva kuti mwanayu anabadwa wokwanira," anatero. "Sitinabwere ndi mphekesera za mumsewu. Mawuwa achokera kwa munthu amene anamuona tsiku loyamba. Tikupempha kuti muimirire pamaso pa mpingo, kenako tikonze ubatizo."

Krijn anakanda m'mutu. "Tiimirire basi, Neel. Ndi mphindi imodzi. Bambo ndi mayi anga anaimirira. Theka la mpingo linaimirira, enawo anangochita mwayi ndi kalendala."

"Ine ndinalapa kale," anatero Neeltje, mwana ali pabere. "Mu Marichi, nditagwada m'bafa, ndikusanza. Mulungu anamva. Sindikalapanso kwa zipewa."

"Mwana wanga," anatero a Van Ginkel, "tchimo lapoyera limafuna kulapa kwapoyera."

"Lakhala lapoyera chifukwa wina walitulutsa panja."

Anapemphera ataimirira, n'kumapita. Chitseko chitatsekeka, Neeltje anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Tinalimo anayi m'chipinda muja. Ine sindinanene. Krijn sangathe kunena ngakhale nthawi popanda kundifunsa. Ndani?"

Mayi anaika thewera pansi, analisalaza ndi dzanja.

"Ndine," anatero.

"Inu?"

"Lamlungu likubwerali kuli Mgonero. Sindikanatha kupita ku gome bodza lili mkamwa."

"Bodza lake munapeka ndinu! Ndinu munati sikelo yakalamba!" Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. "Mwagula mpando wanu wa ku gome ndi mwana wanga. Tulukani, mayi. Tengani ndi chipewa chanucho."

Mayi anavala jasi mosafulumira, anamanga mabatani onse, natuluka. Lamlungu pa 14 Disembala, abusa ataitana anthu ku gome, mayi sananyamuke. Sananyamukenso mpaka imfa yawo. Anthu ankati ndi manyazi a mwana wawo.

Mu Febuluwale 2009 Neeltje ndi Krijn anasamukira ku mzinda wa Almere, Jacomijn asanabatizidwe.

4

Loweruka pa 2 Novembala 2019 ndinakwera sitima pa siteshoni ya ku Ede kupita ku Almere. Neeltje anali atandiuza pafoni kuti ndikamupeze kutchalitchi kwawo, chifukwa Loweruka masana kumakhala msonkhano wa zozizwitsa ndipo iye sajomba.

Jacomijn anayamba kugwa khunyu ali ndi zaka zinayi. Mbiri itafika kwathu, amayi a kutchalitchi aja anapukusa mitu n'kunena kuti ndi ndodo ya Ambuye. Ku Almere mnzake wa kuntchito anamutengera Neeltje ku mpingo wina kumene anamuuza kuti Mulungu alibe ndodo, ali ndi mphatso zokhazokha. Anakhazikika komweko.

Tchalitchicho kale chinali mosungira makapeti, pafupi ndi malo ogulitsira matayala. Panja ndinapeza Krijn atakhala m'kagalimoto kofiira, akudya buledi ndi tchizi.

"Alamu! Mwabwera kudzalandira chozizwitsa chanu?"

"Simulowa?"

"Ndinalowa zaka zitatu. Ndinatulukamo ndilibe vani ya ntchito, Neel alibe mphete. Zonse tinafesa." Anapukuta pakamwa. "Kwathu ankati mwana akudwala chifukwa tinachimwa. Kuno akuti akudwala chifukwa sitinapereke mokwanira. Wolakwa ndi ife kulikonse. Kusiyana kwake, kuno kuli ng'oma."

M'katimo munali mdima ndi magetsi amitundumitundu, masana dzuwa lili kunja. Neeltje anali pakhomo ndi anzake olandira alendo, atavala buluku, milomo atapaka zofiira, m'manja muli kamakina kolipirira ndi khadi.

"Achemwali! Mwabwera ndi siketi ya maliro kuno? Anthu aganiza kuti mwabwera kudzatiwerengera machimo." Anandikumbatira mwamphamvu. Ankanunkhira bwino.

Mlaliki wawo amamutcha Mtumwi Dennis. Anavala suti yoyera, ndipo ankayenda uku ndi uku osakhala malo amodzi.

"Ndani anakuuzani kuti Atate wanu ndi wosauka?" anafuula. "Muuzeni mnzanu wapafupi: chaka chino ndikwera!"

Mayi wina wa pambali panga anandigwira mkono n'kundiuza kuti chaka chino akwera. Ndinamufunira zabwino.

"Mlimi sakolola pomwe sanafese! Ukufuna machiritso aakulu, mbewu yako ikhale yaikulu! Usamupatse Mulungu za m'thumba la jasi ngati ukugula tchipisi!"

Anthu anaseka, ng'oma zinalira, timakina tija tinayamba kuyenda m'mizere. Kenako analoza mng'ono wanga.

"Mlongo wathu Nelly, bwera kuno." Kumeneko amamutcha Nelly. Anamuika dzanja paphewa. "Pamene mwana wa mlongoyu anali ndi masabata atatu okha, agogo ake enieni anamupereka kwa anthu achipembedzo. Mawu a kholo ndi temberero. Koma Nelly anadula chingwe, anafesa, ndipo lero mwana watha miyezi isanu osagwa! Nelly, usabwerere pansi pa denga limenelo. Khomo limene Mulungu watseka, iwe usatsegule!"

Anthu mazana anaimirira n'kuwomba m'manja. Neeltje anaima kutsogolo kwa mpingo wonse, nkhani yake ikunenedwa mokweza, akulira. Ndinaganiza kuti: waimirira ndithu, zangosiyana nyimbo.

5

Tinatuluka hafu pasiti folo, kukuwaza mvula. Tinaima pakati pa magalimoto, iye atafunda jasi kumutu.

"Dokotala akuti sabata imodzi," ndinatero. "Akukuitana."

"Mwamva nokha zimene Mtumwi wanena."

"Ndi mayi ako, Neel."

"Uyu ndi mwana wanga. Miyezi isanu osagwa, achemwali! Mukudziwa kuti kugona tulo mwana osamumvetsera kupuma n'chiyani?"

"Jacomijn anayamba mankhwala atsopano pa 4 Juni. Ndi miyezi isanu."

"Inu ndi madeti anu!" Anaseka, koma maso anali atauma. "Mukawauze kuti ndinawakhululukira mumtima. Koma sindipita. Anasankha gome, asiye ine ndisankhe mwana wanga."

Anatembenuka kuti azipita ku galimoto. Ndinadziwa kuti akatsegula chitseko chija, mayi amwalira akuyang'ana pawindo.

"Sanali mayi," ndinatero.

Anaima.

"Amene anakanena kwa a Van Ginkel sanali mayi. Ndine."

Owerenga, ndakubisirani mpaka pano monga ndinabisira aliyense. Zinayenda motere. Lachiwiri pa 2 Disembala 2008, akulu a mpingo anabwera kwathu pa ulendo wawo wa chaka ndi chaka woyendera mabanja. Anamwa khofi, anafunsa Aart za nkhuku, kenako za moyo wauzimu. A Van Ginkel anayang'ana m'chipinda chathu chaudongo, mopanda chidole ngakhale chimodzi pansi, n'kufunsa mofatsa kuti, "Mayi, kodi palibe chobisika chimene chikutsekereza dalitso pa nyumba ino?"

Sankafunsa za Neeltje. Sankamuganizira n'komwe. Ine ndinatsegula pakamwa n'kutchula makilogalamu atatu ndi magalamu mazana asanu ndi limodzi.

Ndikhoza kunena kuti ndinachita poopa Mulungu, ndipo theka lake ndi loona. Theka linalo ndi ili: masiku khumi ndi limodzi ndinali nditanyamula mwana wonenepa amene anabwera mosapemphedwa, kwa anthu amene sanadikire, pamene ine amene ndinadikira ndinkabwerera madzulo ku nyumba ya zii. Ndinaganiza kuti ndikamupatsa Mulungu chinthu chimodzi chopweteka, Iye adzanditsegulira mimba. Ndinafesa mbewu yanga kalekale, Mtumwi Dennis asanagule suti yake yoyera. Mbewu yanga inali mng'ono wanga. Sindinakolole kanthu. Mpaka lero ine ndi Aart tilipo awiri.

Zonsezi ndinamuuza Neeltje pamvula paja, mwadongosolo, ndi madeti ake. Sanandidule mawu.

"Nanga mayi?" anafunsa pomaliza. "Anadziwa bwanji?"

"Utafunsa kuti ndani, anandiyang'ana makutu."

Madzi ankatsika m'tsitsi lake.

"Chaka chilichonse," anatero pang'onopang'ono, "mwakhala mukubwera pa tsiku lobadwa la Jacomijn. Kudya keke yanga. Ine n'kumakuuzani zoipa za mayi, inu n'kumati, 'Usatero Neel, ndi okalamba.' Ndimati ndinu mngelo."

"Ndinayesa kangapo kuti..."

"Kangati? Simuiwala manambala inu. Kangati?"

Yankho loona linali lakuti sindinayesepo.

Analowa m'galimoto. Krijn anandiyang'ana pagalasi, buledi akadali m'manja, n'kuliza injini. Ndinayenda wapansi kupita ku siteshoni.

6

Lamlungu pa 3 Novembala, anthu akudutsa mumsewu kupita ku mapemphero achiwiri, kagalimoto kofiira kanaima pakhomo pa mayi. Kwathu galimoto siyenda Lamlungu. Mzere wonse wa zipewa unachepetsa liwiro. Neeltje anatsika ndi buluku lake, mutu uli pamtunda, atagwira dzanja la mtsikana wamtali wa magalasi.

Ndinatsegula chitseko. Anandidutsa ngati ndine chopachikapo majasi.

Ndinakhala kukhitchini, chitseko chili chotseguka pang'ono. Ndinamva mawu a mayi:

"Wanenepa."

"Inu mwaonda."

"Milomoyo wadya chiyani?"

"Mayi, musayambe."

Ndinamva bedi likulira, wina atakhalapo. Mayi anafunsa Jacomijn ngati amakonda sukulu, iye anati amakonda masamu okha. "Watengera azakhali ako," anatero mayi, ndipo palibe anaseka.

"Bwanji simunanene?" anafunsa Neeltje. "Zaka zonsezi. Makalata aja munalembamo?"

"Sindinalembemo. Munali za nyengo ndi za amene wamwalira."

"Bwanji, mayi?"

"Iwe unali ndi mwamuna ndi mwana m'manja. Teuntje anali ndi iwe wekha. Ndinaona kuti bola ukwiyire mayi, chifukwa mayi sathawa. Ndinkati mkwiyo wako utha pofika Khrisimasi. Ndinalakwitsa kuwerengera."

"Ndipo gome lija? Munasiyiranji?"

"Ndinanama kawiri m'mwezi umodzi, ndipo bodza lachiwirilo sindinathe kulapa, chifukwa sindinamve nalo chisoni. Ukapita bwanji ku gome ndi tchimo limene ukudziwa kuti ukhoza kulichitanso?"

Pamenepo Neeltje analira ngati mwana. Ine ndinatsegula mpopi kuti ndisamve, n'kutsuka makapu amene anali otsuka kale.

Anakhala masiku atatu. Ankawasambitsa mayi, kuwapesa, kuwanyowetsa milomo. Tinkasinthana ntchito osalankhulana kupatula "thaulo" ndi "nthawi ya mankhwala." Mayi anamwalira Lachitatu pa 6 Novembala, nthawi ili 11:10 m'mawa, dzanja limodzi lili mwa Neeltje, lina mwa ine. Tinawaika Lolemba pa 11.

Titachoka kumanda, anthu akudya mabanzi ndi khofi m'holo ya tchalitchi, ndinamupeza Neeltje panja akufuna makiyi m'chikwama.

"Neel, ndichite chiyani?"

Anandiyang'ana koyamba kuchokera tsiku la mvula lija ku Almere.

"Mukufuna ndikukhululukireni? Kaimirireni. Pamalo pomwe paja ankafuna kuti ine ndiimirire. Abusa akufunseni, inu munene 'Inde' pamaso pa zipewa zonse. Tsiku limenelo mudzandiimbire foni."

7

Ndinapempha kuonana ndi akulu a mpingo, ndipo anandiitana Lachiwiri pa 19 Novembala. Analipo asanu ndi atatu ndi abusa, atazungulira tebulo lobiriwira. A Van Ginkel anali atakalamba, akuyendera ndodo, koma mawu anali omwe aja.

Ndinafotokoza zonse nditaimirira. Ndinati ndinaulula chinsinsi cha m'chipinda cha wobereka, chimene ntchito yanga imaletsa. Ndinati ndinachita chifukwa cha nsanje komanso pofuna kugula mwana kwa Mulungu. Ndinati ndinasiya mayi anga asenze mlandu wanga zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi. Ndinapempha kuti Lamlungu likubweralo ndiimirire pamaso pa mpingo.

Ananditulutsa panja mphindi makumi awiri. Atandiitananso, a Van Ginkel ndi amene analankhula.

"Mayi, takumvani, ndipo tikuona kuti mtima wanu ndi wosweka. Koma zimene munatiuza chaka chija zinali zoona. Munachita udindo wanu."

"Ndinachita ndi mtima woipa."

"Za mumtima ndi za pakati pa inu ndi Ambuye."

"Za Neeltje sizinali za pakati pa iye ndi Ambuye?"

"Imeneyo ndi nkhani ina. Mwana amaoneka." Anatsegula buku la malamulo a mpingo n'kulitembenuzira kwa ine, ngati kuti ndifufuze ndekha. "Mulibe mawu a zimene mukupemphazi. Abusa angakufunseni funso lanji? Sitingaimiritse munthu popanda funso."

Mmodzi wa iwo anandikankhira kambale ka maswiti. Ndinatenga imodzi. Sindikudziwa chifukwa chake, dzanja linangopita lokha.

M'mawa mwake ndinamuimbira Neeltje n'kumuuza zimene anandiyankha.

"Ndiye basi," anatero, n'kudula.

Lamlungu pa 24 Novembala Jacomijn anagwa m'bafa, koyamba chiyambire Juni. Dokotala anati mwina ndi kutopa ndi maliro. Mtumwi Dennis anati, "Ndinakuuza za denga lija." Krijn, amene amanditumizirabe uthenga mwa apo ndi apo, akuti Neeltje anafesanso sabata yomweyo, ndipo tsopano amakhala mzere woyamba.

8

Owerenga, ena mwa inu mufunsa chifukwa chake sindichoka. Lamlungu lililonse ndimavalabe chipewa, ndimakhala pa benchi lakhumi ndi chinayi kumanzere, pamalo pa mayi, ndi maswiti atatu m'thumba. Aart ali pomwepo, manda a makolo anga ali kuseri kwa khoma, ndipo kupemphera kwina sindikudziwa. Ndinakaona kumene mng'ono wanga anathawira. Kwathu Mulungu amakhala ndi sikelo yoyezera machimo, kumeneko amakhala ndi sikelo yoyezera mbewu. Ine ndagwira sikelo moyo wanga wonse, ndikudziwa kuti siikonda munthu.

Kodi ndimakhulupirirabe? Masiku ena ndimangoyendetsa milomo pa salimo. Koma ndinaona mayi wokalamba, amene gome la Ambuye linali chuma chake chokha, akuika thewera pansi n'kunena kuti "Ndine" pa mlandu umene sanapalamule. Sanayeze kanthu, sanayembekeze kukolola. Ngati Mulungu alipo, ndikuganiza kuti amafanana ndi zimenezo kuposa zonse zimene ndamva pa maguwa awiri aja. Ndi ulusi umodzi umenewo umene ndagwira.

Ngati mukusunga mawu amene angamasule munthu wina, musadikire dokotala kuti akuwerengereni masiku. Ine ndinadikira, ndipo mayi ndi mwana wawo anatsala ndi masiku atatu pa zaka khumi ndi chimodzi.

Maina m'nkhani ino sindinasinthe. Krijn akuti magazini ino imapezeka pa tebulo la kuchipatala kumene Neeltje amadikira ndi Jacomijn miyezi itatu iliyonse, ndipo amaiwerenga yonse. Kwathunso amayi a zipewa amaiwerenga, ngakhale amaibisa pansi pa nyuzipepala ya mpingo.

Neel, akulu a mpingo anandikaniza kuimirira m'tchalitchi, ndiye ndaimirira pano. Anati palibe funso, ndiye ndalemba ndekha.

Teuntje, mkazi wa Aart, kodi ukuvomera pamaso pa Mulungu ndi pa anthu onsewa kuti unagulitsa mng'ono wako, unalola mayi ako afe asanabwerere ku gome, ndipo unadya keke ya mwana amene unamupereka, chaka ndi chaka, uli chete?

Inde.